Mowa ndi pakati: mmene mungatetezere ubongo wa mwana asanabadwe

Ntchito yanga ndi ya uzamba, ndipo funso limene amayi amandifunsa motsitsa mawu, anzawo akatuluka m'chipinda cha sikelo, ndi ili: "Anamwino, nanga kapu imodzi yokha?" Yankho langa silisintha. Palibe mlingo wa mowa umene madokotala anaupeza kuti suvulaza mwana ali m'mimba, ndipo palibe mwezi wa pakati umene mowa umakhala wopanda vuto. Koma kungouza munthu kuti "lekani" n'kumutulutsa sikuthandiza. Kusiya mowa kuli ndi kachitidwe kake, ndiye tiyeni tiyende limodzi.

Yambani musanadziwe kuti mwaima

Kwathu kuno pakati pongoyamba timabisa. Ena amaopa anthu oipa mtima, ena manyazi, ena amadikira kuti aone ngati pakhazikika. Ambiri amandipeza kusikelo mimba ili ndi miyezi 4 kapena 5, chitenje chitayamba kale kukana. Vuto ndi lakuti pofika nthawi imeneyo zambiri zachitika kale.

Mu 1981 katswiri wina wa ku America, Kathleen Sulik, anapatsa mowa mbewa zapakati pa tsiku la 7 lokha la bere lawo. Ana a mbewazo anapangika ndi nkhope zopunduka mofanana ndi za ana a amayi omwa kwambiri: timaso tating'ono, mlomo wapamwamba wopyapyala, ndipo kamzere kaja kotsika kuchokera pamphuno kufika pamlomo katafafanizika. Tsiku la 7 kwa mbewa likufanana ndi sabata yachitatu kwa munthu kuchokera pamene mimba yalowa. Werengani bwino: imeneyi ndi nthawi imene mayi wangodumphitsa msambo ndi masiku ochepa, akadali kuganiza kuti mwina wachedwa chabe. Pofika tsiku la 28, kachubu kamene kadzasanduke ubongo ndi mtsempha waukulu wodutsa mkati mwa fupa la msana kamakhala katatsekeka kale.

Choncho ngati mwasiya kulera chifukwa mukufuna mwana, tsiku limene mwachotsa ka pamkono kapena mwasiya jakisoni, lomwelo ndilo losiyanso mowa. Ngati mumamwa ndipo simukufuna mwana panopa, gwiritsani kulera. Mukadumphitsa mwezi, musadikire wachiwiri. Kachipangizo koyezera mkodzo kamapezeka m'mafamase ndi kuchipatala, ndipo pamene mukudikira kuyezako, dzitengeni ngati woyembekezera.

Werengani mowa wonse, osati wa m'botolo wokha

Ndikafunsa kuti "mumamwa mowa?" ambiri amati ayi. Ndikafunsa kuti "nanga masese, kabanga, Chibuku?" amaseka n'kunena kuti chimenecho ndi chakudya. Inde chimakhutitsa, koma chimene chimaledzeretsa m'masese ndi chomwecho chili mu kachasu ndi mu wayini. Botolo limodzi la Green la 330 ml lili ndi magalamu pafupifupi 12 a chinthu choledzeretsacho. Paketi ya Chibuku ya lita imodzi ikufanana ndi mabotolo awiri otere, ndipo ikagona imaposa, chifukwa chimapitiriza kuwira m'paketi momwemo. Kachasu ndiye alibe chizindikiro chilichonse. Wofulula yekha sadziwa mphamvu yake, makamaka wa mutu uja woyamba kudontha.

Thobwa watsopano imwani, alibe vuto. Koma akagona masiku n'kuyamba kuchita thovu ndi kuluma pakhosi, wasanduka mowa, musiyireni abambo. Mankhwala azitsamba oviikidwa mu kachasu nawonso ndi mowa. Ndipo nkhani ija yoti mowa wakuda wa stout umawonjezera magazi ndi bodza limene landitopetsa. Chowonjezera magazi ndi timapilisi tija timakupatsani kusikelo, timene ambiri amatiponya pansi pa bedi chifukwa timabwerera kukhosi. Timwereni madzulo mutadya, simudzatimva kwambiri.

Pali amayi amene sindiwaiwala pa nkhani imeneyi: ofulula. Mayi amene amadyetsa ana ake ndi ndalama za mowa amalawa pofulula, amalawa posefa, kasitomala akadandaula amalawanso. Iye mwini sadziwerenga ngati womwa. Sindingamuuze kuti asiye geni popanda kumupatsa ina. Chimene ndimamuuza n'chakuti kwa miyezi 9 imeneyi apeze munthu wamkulu wina womulawira, mchemwali wake kapena kasitomala wokhulupirika, ndipo wogula akati "mayi, landirani kapu yanu," alandire ndalama yake m'malo mwa kapuyo.

Kamwedwe koopsa kwambiri ndi kogundika kamodzi: mabotolo 4 kapena kuposa pa nthawi imodzi, ngakhale zitakhala Loweruka lokha kapena pakutha pa mwezi pokha. Umboni wake uli ku South Africa, m'minda ya mphesa ya ku Western Cape. Kwa zaka zambiri azungu a mafamu ankalipira antchito awo gawo lina la malipiro ndi wayini. Lamulo linaletsa mchitidwewu, koma chizolowezi chomwa kwambiri kumapeto kwa sabata chinatsala m'mabanja. Philip May ndi anzake atayeza ana a Sitandade 1 m'tauni ya Wellington anapeza chiwerengero cha ana ovulazidwa ndi mowa chimene chinali pakati pa zokwera kwambiri padziko. Kafukufuku wa mu 2017 anayerekeza kuti padziko lonse ana pafupifupi 8 mwa 1,000 ali ndi vuto lochokera ku mowa wa m'mimba, pamene ku South Africa ndi 111 mwa 1,000. Achemwali athu amene muli ku Cape Town, kumene wayini ndi wotchipa ndipo apongozi ali kutali, nkhaniyi ndi yanunso.

Dziwani chimene chikuchitika mkatimo

Apa ndichedwapo, chifukwa ndaona kuti mayi akamvetsa, sindivutikanso kumukumbutsa.

Nsengwa imatchinga zinthu zina, koma mowa umangodutsa. Pakangotha ola limodzi kapena awiri mutamwa, mlingo wa mowa m'magazi a mwana umakhala utatsala pang'ono kufanana ndi wanu. Inu muli ndi chiwindi chokhwima chimene chimauphwanya. Chake n'chosakhwima. Mowa wina amautulutsira m'madzi amene akusambiramo, kenako amameza madzi omwewo, mowa n'kubwereranso m'thupi mwake. Inu matsire atakutherani, iye amakhala akadali nawo.

Ubongo umagwira ntchito ndi maselo mabiliyoni amene amatumizirana mauthenga pogwiritsa ntchito timadzi tapadera. Awiri akuluakulu ndi glutamate, amene amadzutsa selo kuti ligwire ntchito, ndi GABA, amene amalikhazika chete. Mowa umachita zinthu ziwiri nthawi imodzi: umatsekereza glutamate pamalo ake olandirira otchedwa NMDA, ndipo umawonjezera mphamvu ya GABA. N'chifukwa chake munthu wamkulu akamwa lilime limalemera, miyendo n'kumakokana, mawa osakumbuka zimene analankhula. Kwa wamkulu zimenezi zimatha. Kwa mwana wosabadwa, mauthenga omwewa ndi amene amauza selo lililonse kumene lipite, mnzake woti ligwirane naye, ngakhalenso ngati likhale ndi moyo kapena ayi. Selo la ubongo limene silikulandira uthenga pa nthawi yolumikizana limadzipha lokha. Mu 2000 Chrysanthy Ikonomidou, John Olney ndi anzawo anaonetsa kuti ana a makoswe atakhala oledzera kwa maola ochepa okha, pa msinkhu wofanana ndi miyezi itatu yomaliza ya pakati pa munthu, maselo mamiliyoni a ubongo wawo anafa. Ndimakumbutsa zimenezi amayi amene amati "panopa mwana wakhwima, ndikhoza kumwako." Nkhope imapangika koyambirira, koma ubongo umalukidwa mpaka tsiku lobadwa, n'kupitirirabe.

Ubongo umene ukukulira mu mowa umayesanso kudzikonza kuti uzigwirabe ntchito mowawo ulipo. Munthu wogwira ntchito pachigayo amazolowera kulankhula mokuwa, ndipo injini ikazima iye amapitiriza kukuwa. Momwemonso mwana wa mayi womwa tsiku ndi tsiku, chingwe cha mchombo chikadulidwa mowa n'kusiya kubwera, ubongo wake umatsala uli wodzuka mopitirira. Ana otere timawaona: kunjenjemera timanja, kulira kosatonthozeka, kudzidzimuka ndi kaphokoso kakang'ono, kuyamwa mofooka, tulo todukaduka.

Palinso dopamine, amene amagwira ntchito pa chidwi, pa kudikira ndi pa kumva kukoma kwa chinthu. Mary Schneider ndi anzake ku yunivesite ya Wisconsin anapatsa apusi apakati a mtundu wa rhesus mowa wochepa, wosafika powagwetsa. Ana awo atakula n'kujambulidwa ubongo, anapezeka kuti kayendedwe ka dopamine kanasintha, ndipo kusinthako kunkatengera nthawi ya bere imene mayi anamwa. Mawu oti "wochepa" amenewa ndi amene amandichititsa kukana kapu imodzi ija. Kwa anthu, ofufuza a ku Seattle anatsatira ana kuyambira ali m'mimba mpaka atakula, ndipo mu 2003 anapeza kuti amene amayi awo ankamwa kwambiri ali oyembekezera anali ndi mavuto ambiri a mowa pa zaka 21, ngakhale atachotsapo za kumtundu ndi za kumene anakulira. Pakhomo timati mwana watengera bambo ake kapena malume ake. Nthawi zina chinayambira m'mimba.

Chomaliza ndi cha nkhawa. Thupi lili ndi njira yotulutsira cortisol, mtundu wina wa timadzi ta m'thupi, munthu akakumana ndi choopsa, n'kumutsitsanso choopsacho chikadutsa. Joanne Weinberg wa ku Canada wakhala akuonetsa pa makoswe kuti mowa wa m'mimba umasiya njira imeneyi ili yofulumira kuyaka ndi yochedwa kuzima. Zikugwirizana ndi zimene makolo amadandaula: mwana wopsa mtima ndi kanthu kochepa, wovuta kumukhazika mtima pansi. Serotonin, wokhudza tulo ndi mtima wa munthu, nayenso amasokonekera.

Tsono mverani ichi. Ana ochepa okha ndi amene amabadwa ndi nkhope ija imene dokotala wa ku France, Paul Lemoine, anaifotokoza mu 1968 atayeza ana 127, imene Kenneth Jones ndi David Smith anadzaipatsa dzina loti Fetal Alcohol Syndrome mu 1973. Ambiri amabadwa okongola, olemera bwino pasikelo, agogo n'kululutira. Vuto limadzaonekera ku Sitandade 2 kapena 3, pamene mwana akulephera masamu, akuiwala lero zimene anaphunzira dzulo, sakukhazikika pa desiki. Choncho mnzanu akakuuzani kuti "ine ndinkamwa ndipo mwana wanga ali bwinobwino," musatsutsane naye, koma musamutsanzirenso. Matupi amasiyana, kadyedwe kamasiyana, ndipo mwana wakeyo mwina sanafike pa msinkhu woonetsa.

Konzekerani mawu okanira

Kusiya mowa uli wekha m'nyumba n'kosavuta. Kumavuta pachinkhoswe, pasadaka, pa phwando la kubanki mkhonde pogawana ndalama mu Disembala, pamene chipanda chikuzungulira ndipo simunauze aliyense kuti mwaima. Musapite kumeneko opanda yankho. Losavuta ndi loti "ndili pa mankhwala, adokotala andiletsa." Si bodza, popeza mapilisi a magazi mukumwa. Gwirani botolo la Fanta kapena kapu ya Sobo m'manja kuyambira pofika, chifukwa dzanja lopanda kanthu ndi limene limapatsidwa. Uzani munthu mmodzi amene mumamukhulupirira, mchemwali kapena mlamu, kuti azikuyankhirani anthu akaumirira.

Abambo, apa ndi panu. Mayi amene mwamuna wake amamwera pakhomo amavutika kawiri kusiya. Sindikunena kuti mulowe tchalitchi chatsopano. Ndikunena kuti kwa miyezi imeneyi m'nyumba musalowe botolo, musamutume akakugulireni mowa kushabini, ndipo mukabwera kokayenda musamubweretsere "kakeko" posonyeza chikondi. Ngati ndi chikondi, bweretsani mazira ndi usipa. Mukatha kusiya naye limodzi, mwachita zaumuna. Apongozi nanunso, mkamwana kapena mtengwa akakana chipanda, si mwano.

Chibaba chikabwera, chimakwera kenako chimatsika chokha ngati simunachimvere. Dziwani nthawi imene chimakugwirani, kaya ndi madzulo mukaweruka, kaya mukakangana ndi abambo, ndipo ikani china pa nthawi imeneyo: tiyi wa mandimu, chinangwa chootcha, kupita kwa aneba amene samwa. Musakhale ndi njala. Amayi ambiri amene ndimacheza nawo samwa chifukwa cha chisangalalo. Amamwa chifukwa cha nkhanza za m'banja, ngongole, kapena mwamuna amene anathawa mimba. Ngati ndi choncho, nenani zimenezo kusikelo, chifukwa ndi zimene tiyenera kuyambira.

Ngati mumamwa tsiku lililonse, musasiye nokha mwadzidzidzi

Ili ndi gawo limene likuoneka ngati likutsutsana ndi zonse ndanenazi. Ngati mukadzuka manja amanjenjemera mpaka mutamwako, ngati mumatuluka thukuta usiku kapena kusanza mukapanda kumwa, thupi lanu lazolowera. Kudula kamodzi kungakukomoleni ngati wakhunyu, ndipo zimenezo n'zoopsa kwa inu ndi kwa mwana. Pitani kuchipatala lero lomwe, osati tsiku la sikelo, ndipo nenani zoona: mumamwa chiyani, wochuluka bwanji, munamwa liti komaliza. Pali mankhwala othandiza kusiya bwinobwino, dokotala akukuyang'anirani. Zipatala za maboma zili ndi anamwino oona za maganizo, ndipo St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu ofuna kusiya mowa. Mukakumana ndi namwino wokalipa, ndipo tilipo otere, funsani wina. Musabwerere kunyumba chifukwa cha pakamwa pa munthu.

Nanga amene munamwa musanadziwe kuti mwaima? Mtima m'malo. Ambiri amene anamwa pang'ono n'kusiya atangodziwa amabereka ana abwinobwino. Chimene chapita sitingachibweze, koma popeza ubongo ukumangidwabe, kusiya pa mwezi wa 3 kuli bwino kuposa pa wa 6, ndipo kusiya pa wa 6 kuli bwino kuposa kusasiya. Tiuzeni kuti tilembe m'buku lanu la kuchipatala. Sitilembera kuti tikuimbeni mlandu. Zidzathandiza amene adzaone mwanayo m'tsogolo.

Idyani. Mowa umavulaza kwambiri mwana wa mayi woperewera chakudya ndi magazi. Ku Cape Town, Sandra ndi Joseph Jacobson anapatsa amayi omwa kwambiri chakudya cha m'thupi chotchedwa choline pa nthawi ya pakati, ndipo zotsatira zimene anatulutsa mu 2018 zinaonetsa kuti ana awo anakula bwino ndi kukumbukira bwino kuposa a amayi amene sanalandire. Choline amapezeka kwambiri m'mazira, komanso mu soya, nyemba, nsomba ndi mtedza. Mwambo woletsa mayi wapakati kudya mazira poopa kuti mwana adzabadwa wopanda tsitsi uyenera kutha. Koma musamve ngati dzira limachotsa mowa. Palibe chakudya kapena piritsi limene limapatsa chilolezo chomwa.

Mwana akabadwa

Mowa umalowanso mu mkaka wa m'mawere, pa mlingo wofanana ndi wa m'magazi. Zoti masese amatsitsa mkaka n'zosiyana ndi zimene anapeza ofufuza: mowa umachedwetsa kutsika kwa mkaka, ndipo mwana amayamwa wocheperapo m'maola otsatira. Chotsitsa mkaka ndi kuyamwitsa pafupipafupi, kudya ndi kumwa madzi. Musagonenso ndi khanda pamphasa imodzi mutamwa.

Ngati mukudziwa kuti munamwa kwambiri muli ndi pakati, musaphonye sikelo ya ana. Pemphani kuti ayezenso kukula kwa mutu, osati kulemera kokha. Onani nthawi imene wayamba kukhala, kukwawa, kuyenda ndi kulankhula, ndipo akachedwa kuposa anzake nenani msanga. Ann Streissguth, amene anatsatira anthu ovulazidwa ndi mowa ali m'mimba kwa zaka zambiri, anapeza mu 1996 kuti amene vuto lawo linadziwika asanakwane zaka 6, ndi amene anakulira pakhomo lokhazikika lopanda nkhanza, ankapewa kwambiri mavuto a pambuyo monga kusiya sukulu ndi kugwidwa ndi apolisi.

Polera mwana wotere, mutumeni chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Mukati "tenga ndowa, ukatunge madzi, pobwera ugule mchere," adzabwera ndi ndowa yokha, ndipo si mwano. Nenani mwachidule, muonetseni ndi manja, bwerezani mawa ndi mkuja osatopa. Nthawi yodzuka, yodya ndi yogona ikhale yomweyomweyo tsiku lililonse. Akapsa mtima, mutengereni pamalo a phee m'malo momukalipira pagulu. Chikwapu sichiphunzitsa ubongo umene ukuvutika kulumikiza cholakwa ndi chilango, chimangowonjezera mantha. Kaonaneni ndi aphunzitsi ake kumayambiriro kwa chaka, muwapemphe amukhazike kutsogolo, kutali ndi zenera. Ndipo akafika zaka 12 kapena 13, anzake asanayambe kumupatsa timabotolo ta mowa wa ukali kuseri kwa sukulu, khalani naye pansi inu ndi malume ake kapena azakhali ake, mumuuze mosabisa kuti thupi lake lingakodwe ndi mowa msanga kuposa la anzake.